Lipoti la ntchito: makoma onyowa a nyumba yakale ya m'munsi mwa phiri la Zomba

Eni nyumbayi anandiitana kumayambiriro kwa Epulo 2023, patangotha masabata atatu namondwe wa Freddy atasakaza chigawo chakummwera. Masiku amenewo amisiri tonse tinali kalikiliki kudzutsa mipanda yogwa ndi zimbudzi zotitimira. Koma nyumba iyi sinagwe, ndipo Freddy sindiye anaiwononga. Mvula yake inangotulutsira poyera matenda amene anakhala akudya makomawo mwakachetechete kwa zaka pafupifupi 20. Ndalemba lipotili chifukwa matenda omwewa ndawapeza m'nyumba zambiri zakale ku Zomba ndi ku Blantyre, ndipo nthawi zambiri amene timawabweretsa ndife amisiri, titasenza thumba la simenti ndi mtima wofuna kuthandiza.

Nyumbayo ndi eni ake

Nyumbayi ili pamalo otsetsereka, phiri lili kumbuyo kwake. Ili ndi zipinda zogona zitatu, pabalaza, khitchini, bafa ndi khonde lakumaso. Mayi mwini nyumba, amene apitirira zaka 70, anandiuza kuti inamangidwa m'zaka za m'ma 1950, Zomba idakali likulu la dziko, ndipo malemu amuna awo anaigula atapuma ntchito ya boma. Ndalama zokonzera zinkachokera kwa mwana wawo wamwamuna amene ali ku Johannesburg. Uthenga wake wa pa WhatsApp unali waufupi: tigwetse pulasitala yense wofufuma, timate wina wa simenti yambiri, tipente, mayi asiye kugona m'fungo.

Makoma akunja ndi a njerwa zootcha, okhuthala masentimita 23, ndipo njerwazo anazimanga ndi matope a dothi. Maziko ndi a miyala ya m'phiri, yomangidwanso ndi dothi, ozama pafupifupi masentimita 50. Pakati pa maziko ndi khoma palibe pulasitiki kapena phula lotchinga chinyezi. Poyamba nyumba yonse inali ndi pulasitala wa laimu ndi mchenga, wopakidwa njereza. Wotsala wake ndinamupeza m'kati mwa kabati ya m'khoma, wofewa moti chikhadabo chimalembapo, koma wouma bwinobwino, wosafufuma paliponse.

Zimene ndinapeza

Chipinda cha mayi chili mbali ya kuphiri. Nditangotsegula chitseko, fungo la chuku linandilandira. Penti wa mafuta anali atatukuka matuza kuchokera pansi kufika m'chiuno, ndipo pamwamba pa matuzawo panali mzere woyera wa mchere, ngati munthu wawazapo ufa. Ndinagogoda khomalo ndi mpini wa hamala. M'mwamba linkalira mouma, koma m'munsi linkalira ngati ng'oma. Nditalowetsa tchizulo, chibenthu cha pulasitala chachikulu ngati chivundikiro cha poto chinachoka chathunthu, chitakanirira nkhope za njerwa zitatu. Pulasitalayo anali wolimba ngati mwala, koma njerwa za kumbuyo kwake zinali zakuda ndi madzi, zikunyenyeka m'manja. Dothi la m'mizere ya njerwa linali phala. Ndinatenga msomali wa mainchesi anayi n'kuukankha ndi chala chachikulu chokha, ndipo unalowa wonse. Mayi anali ataima pakhomo akuonerera. Anangogwira pakamwa n'kunena kuti, "Bambo, ndiye kuti ndimagona m'dambo?"

M'dothi lomwelo munali njira za chiswe, ndipo felemu la chitseko linali litangotsala khungu la penti, m'kati mulibe kanthu.

Kunja ndinapeza mng'alu pangodya ya chipinda chomwecho. Unkatsata mizere ya njerwa ngati masitepe, kuchokera m'munsi mwa denga, kudutsa pambali pa zenera mpaka kumaziko. Kumwamba chala chinkalowa, kumunsi unali wopyapyala. Mng'alu wotakata kumwamba chotere umakuuza kuti ngodyayo ikumira n'kumapendekera kunja. Ndinamata timagalasi titatu mopingasa mng'aluwo, n'kulemba tsiku pambali ndi pensulo, kuti ndidziwe ngati khomalo likuyendabe.

Sindinapereke mtengo tsiku limenelo. Ndinapempha kuti andiimbire mvula ikangoyamba, chifukwa nyumba yonyowa amaiyeza mvula ili mkati. Inagwa patatha masiku anayi, ndipo ndinazungulira nyumbayo ndi ambulera. Gata la kumbuyo linali lodzaza masamba ndi lobooka ndi dzimbiri, paipi yotsitsa madzi inachoka kalekale, moti madzi a theka la denga ankathira pangodya yong'aluka ija. Kuzungulira nyumba kunali konkire amene anathiridwa pamwamba pa dothi osakumba. Mbali ya kuphiri konkireyo anali pamwamba kuposa pansi pa m'nyumba ndi masentimita 10, komanso anapendekera kukhoma, kotero madzi ankaima tsindetsinde ndi khomalo. Ngalande yakale imene inkapatutsa madzi otsika m'phiri inali itakwiriridwa, pamwamba pake atadzalapo mpiru ndi tomato.

Mayi anakumbukira kuti cha m'ma 2004 anabweretsa amisiri kuti nyumba ioneke yatsopano pa ukwati wa mwana wawo wamkazi. Amisiriwo ndiwo anagwetsa pulasitala wa laimu kufika m'mapewa, mkati ndi kunja, n'kumata wa simenti, n'kupaka penti wa mafuta, n'kuthira konkire uja. Sindikuwanyoza. Anachita zimene tonse tinaphunzira, zoti cholimba ndicho chabwino.

Chimene chinkachitika m'khomamo

Khoma la njerwa ndi dothi lili ngati mtsuko. Limamwa madzi kuchokera pansi, n'kuwatulutsa pang'onopang'ono m'mbali ngati thukuta, mphepo n'kuwaumitsa. Malinga ngati otuluka akufanana ndi olowa, khomalo limakhala zaka zambirimbiri osadandaula. Laimu ndi njereza zimalola thukuta limenelo kudutsa. Pulasitala wa simenti yambiri pamodzi ndi penti wa mafuta amalitsekera. Madzi akasowa potulukira amakwera m'mwamba kufunafuna mpata, ndipo amanyamula mchere wa m'nthaka. Pamene akuumira, mcherewo umatsala n'kumakula m'timabowo ta njerwa mpaka kusweka nkhope ya njerwayo. Ndiye mzere woyera uja. Chinanso, khoma lomangidwa ndi dothi limasunthasuntha pang'ono ndi nyengo, pamene simenti sigonja. Imathetheka timing'alu tosaoneka, mvula n'kulowera pomwepo, koma osatulukanso.

Apa panali mavuto awiri olumikizana. Madzi olowa anawonjezeka chifukwa cha gata, konkire ndi ngalande, ndipo njira yawo yotulukira inatsekedwa. Kumata pulasitala wina wa simenti kukanabisa zonsezi kwa mvula imodzi kapena ziwiri, dothi likupitiriza kusungunuka m'kati, mpaka tsiku lina khoma losenza denga likanakhala pansi.

Kukambirana ndi mwana wawo

Maganizo anga oti tibwerere ku laimu ndi njereza m'malo mwa simenti sanamukomere mwana wawo wa ku Johannesburg uja. Tinalankhula pa foni ya mayi, mawu ali pamtunda kuti tonse timve. "A foromani," anatero, "ine ndikutumiza ndalama kuti mayi akhale m'nyumba yamakono. Njereza si ija amapaka miyala ya m'mbali mwa msewu kukamabwera akuluakulu?" Ndinamumvetsa. Munthu amene akuvutika kunja amafuna kuona chithunzi cha khoma lonyezimira kuti adziwe kuti thukuta lake lagwira ntchito. Ndinamuuza kuti, "Achimwene, mukandilamula simenti ndikana ntchitoyi, chifukwa ndikhala ndikukuberani." Ndinamukumbutsa za nyumba ya Mandala ku Blantyre, ya mu 1882, ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels chimene chinamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891 ndi njerwa zoumbidwa pomwepo. Zonsezi zaona mvula ya zaka zoposa 130 ndipo zilipobe.

Koma amene anadula nkhaniyo ndi mayi. "Mwanangu, nyumba iyi ndinakulereramo. Nthawi imene bambo ako ankapaka njereza Khirisimasi isanafike, ufa sunkachita chuku m'sitolo. Asiye bambowa agwire ntchito yawo." Kunali zii kwa kanthawi, kenako anafunsa kuti zitenga nthawi yaitali bwanji. Nditati miyezi 6, anapuma mozama, koma anavomera.

Madzi poyamba

Mwezi wonse wa Meyi sitinakhudze laimu. Tinaswa konkire wozungulira nyumba, n'kutsitsa dothi kuti likhale masentimita 15 pansi pa mulingo wa pansi pa m'nyumba, lotsetserekera kutali ndi khoma. Apa pamafunika maso, chifukwa maziko osazama ngati awa ukawafukula mbali yonse nthawi imodzi, wagwetsa nyumba ndi manja ako. Tinkakumba mamita awiri, n'kutsira bwino, n'kuyala miyala ya kwale m'lifupi mwa masentimita 60, kenako n'kusunthira patsogolo. Ngalande ya kuphiri tinaifukula yonse n'kuiyala miyala. Dimba la mayi tinalisamutsira kumunsi kwa nyumba. Magata atsopano tinawapatsa mapaipi awiri othira m'ngalande yomweyo.

Poswa konkire tinapeza chitsa chakale cha mtengo, mita imodzi kuchokera pakhoma, chodzaza ndi chiswe. Apo ndiye panali kwawo. Tinachizula, ndipo odziwa za mankhwala anabwera kudzathira m'nthaka. Komabe ndinawauza mayi kuti mankhwala amatha mphamvu, ndipo chiswe chimatsata chinyezi. Khoma likauma, chimasowa chochiitana.

Pulasitala wa simenti tinamugwetsa ndi tchizulo ndi hamala yaing'ono, tchizulo itagona cham'mbali kuti isakumbe njerwa. Hamala yaikulu ndinaitsekera m'galimoto dala. Ngakhale tinasamala chonchi, njerwa zopitirira 400 zinapezeka zowonongeka moti zinafunika kusintha. Kenako makomawo tinawasiya maliseche, mazenera otsegula usana wonse.

Kudikira kumeneku ndiko kunali kovuta kuposa ntchito ina iliyonse. Amisiri akale amati khoma limauma inchi imodzi pamwezi. Khoma la mainchesi 9 louma mbali zonse ziwiri limafuna miyezi inayi kapena isanu, ndipo Juni ndi Julayi wa ku Zomba, ndi chiperoni chake, saumitsa kanthu msanga. Sabata iliyonse mchere unkatuluka panjerwa, ndipo tinkausesa ndi burashi youma n'kukautaya kutali. Ukautsuka ndi madzi umangoubwezera m'khoma. Poyeza chinyezi ndinkamata pepala la pulasitiki pakhoma madzulo, m'mbali monse ndi tepi, n'kudzaliona m'mawa. Likachita madontho m'kati, khomalo silinakonzeke.

Ngodya yomira

Kagalasi kamodzi mwa titatu tija kanasweka ndi mvula yomaliza ya Epulo. Titapatutsa madzi ndinamata kena, ndipo kanakhala kathunthu Juni yense ndi Julayi. Izi zinanditsimikizira kuti ngodyayo inkamira chifukwa cha madzi a padenga, osati chifukwa phiri likutsetsereka. Titakumba tinapeza kuti dothi la pakati pa miyala ya maziko linakokoloka, ndipo pansi pake panali mphako yolowa mkono wanga mpaka m'chigongono.

Tinachirikiza denga ndi mitengo ya bulugamu, n'kugawa ngodyayo m'zigawo zinayi za masentimita 90. Tinkakumba pansi pa chigawo chimodzi mpaka kufika pa nthaka yolimba, n'kuthira konkire wa muyezo umodzi wa simenti, itatu ya mchenga ndi 6 ya kwale, n'kumusiya sabata yathunthu tisanakumbe chigawo china chosayandikana nacho. Pamenepa simenti ndi pamalo pake, ndipo ndilibe nayo chidani. Mng'aluwo tinausoka. Pa mzere wachitatu uliwonse wa njerwa tinkakolopola dothi masentimita 50 mbali iyi ndi iyo, n'kulowetsa waya wosachita dzimbiri, n'kutseka ndi matope a laimu.

Njerwa zosinthira tinazitenga pa khitchini yakale yapanja imene inali itagwa kale. Ndi za msinkhu umodzi ndi za nyumbayo, komanso zofewa mofanana. Mnyamata wanga mmodzi anafunsa chifukwa chimene sitikungoikamo mabuloko a simenti. Funso lake silinandidabwitse. Chikhazikitsireni malamulo a mu 2018 oletsa njerwa zootcha pa zomangamanga za boma ndi zamalonda, pofuna kuteteza mitengo, anyamata ambiri aphunzira ntchito pa mabuloko okhaokha. Malamulowo ndi abwino pa nyumba zatsopano. Koma buloko wolimba pakati pa njerwa zofewa ali ngati chigamba cha chikopa pa nsalu yakale, chimang'amba za m'mbali mwake.

Laimu

Matumba oyamba amene ndinagula pa sitolo ina ya zomangira anali olakwika. Anandipatsa laimu wa m'munda, uja wothira nthaka yowawasa, amene ndi mwala wongopera, wosawotcha. Ameneyu sagwira ngakhale utadikira chaka. Ndinazindikira chifukwa ndili ndi chizolowezi choyamba ndamata kachigawo kakang'ono koyesera. Patatha sabata kanayoyoka ndi dzanja ngati mchenga wa ana. Laimu womangira ndi wowotchedwa n'kuzimitsidwa ndi madzi. Ukamusakaniza ndi madzi amaterera ngati sopo ndipo amaluma khungu. Weniweniyo ndinakamupeza kudzera kwa wogulitsa amene amatenga ku Balaka, kumene kuli miyala ya laimu ya ku Chenkumbi.

Tinamuviika m'migolo kwa masabata awiri, madzi ataphimba pamwamba, mpaka anakhala phala lokhuthala ngati chambiko. Muyezo wathu unali umodzi wa phalalo pa itatu ya mchenga wa kumtsinje, wosefa ndi wotsuka. Mchenga wa kudambo ndinaukana chifukwa uli ndi dothi lambiri ndipo umathetheka ukamauma. Simenti sitinaikemo ngakhale fosholo imodzi, ngakhale anyamata ankandiyang'ana ngati ndikuphika ndiwo zopanda mchere. M'matope a gawo loyamba tinadulira khonje m'tizidutswa totalika ngati chala kuti agwirane.

Mizere ya njerwa tinaikolopola masentimita awiri n'kuidzaza ndi laimu, tikutsendera ndi kachitsulo. Kenako tinanyowetsa khoma, n'kuponya gawo loyamba la sentimita imodzi, n'kulikanda mizere kuti lotsatira lidzagwire. Laimu salimba ndi madzi ngati simenti. Amalimba pokoka mpweya pang'onopang'ono n'kubwerera kukhala mwala umene anachokera, ndipo kuti zimenezi zichitike ayenera kukhala wonyowa pang'ono kwa masiku angapo. Choncho tinkapachika ziguduli zonyowa kutsogolo kwa khoma n'kumaziwaza madzi m'mawa ndi masana. Gawo lachiwiri linkabwera patatha masiku 10, losalazidwa ndi thabwa, osati chitsulo, kuti nkhope ya pulasitala isatsekeke.

Laimu ndi woopsa m'maso. Mnyamata wina anavula magalasi chifukwa cha thukuta, dontho n'kumugwera m'diso. Tinamutsuka ndi madzi oyera ochuluka kwa mphindi pafupifupi 20, n'kuthamangira naye kuchipatala. Diso linapulumuka. Kuchokera tsiku limenelo wopanda magalasi ndi magolovesi sankayandikira mgolo.

Pamene ndinalakwitsa

Mayi anakhala akugona pabalaza chiyambire Meyi, ndipo kuzizira kwa Julayi kunawasiya ndi chifuwa. Chakumapeto kwa Ogasiti anandifunsa mofatsa ngati chipinda chawo chingathe msanga. Pulasitiki ya pakhoma la kuphiri inkachitabe timadontho pang'ono m'munsi. Ndinaziona, koma ndinadziuza kuti laimu apirira. Tinamata. Patatha masabata atatu, mchere unatulukira pa malo okwana masikweya mita atatu, pulasitala n'kuyamba kufumbutuka. Ndinawaonetsa mayi, n'kuwauza kuti kulakwa ndi kwanga ndipo ndikonza ndi ndalama zanga. Tinagwetsa chigawocho, n'kudikira mpaka Okutobala. Chimene chinanditonthoza n'chakuti njerwa za kumbuyo zinali zathunthu. Mchere unadya pulasitala n'kusiya khoma, ndipo imeneyo ndiyo ntchito ya pulasitala wofewa. Komabe mayi anagona pabalaza masabata ena 6 chifukwa cha ine.

Khoma la kumadzulo nalo linatipatsa phunziro. Tinalimata Loweruka m'dzuwa la Okutobala, ndipo Lamulungu panalibe wowaza madzi. Lolemba tinapeza timing'alu ngati ukonde wa kangaude. Poti laimu anali asanalimbe, tinamunyowetsa n'kumutsendera ndi thabwa mpaka timing'aluto tinatsekeka.

Kumaliza

Njereza tinaipanga ndi phala lomwe lija, losungunula mpaka kukhala ngati mkaka, n'kusefa pa nsalu. Tinapaka kanayi, kamodzi patsiku, pakhoma lonyowetsedwa. Ikakhala yaiwisi imaoneka ngati wangopaka madzi, ndipo apa ndi pamene ambiri amalakwitsa poikhuthalitsa, kenako imasuphuka. Mayi ankafuna mzere wofiira m'munsi wobisa matope a mvula, ndipo tinaupanga posakaniza ufa wofiira wa okusaidi mu njereza yomweyo m'malo mwa penti wa mafuta.

Ntchito yonse inadya matumba 36 a laimu a makilogalamu 25 ndi matumba 11 a simenti, amene anapita ku maziko ndi ku ngalande. Tinatsiriza kumapeto kwa Okutobala, kwacha isanagwetsedwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Tikanachedwa pang'ono, ndalama za mwana uja sizikanakwana.

Zimene ndaona pobwererako

Ndinapitako mu Febuluwale 2024 n'kupeza makoma ali ouma, koma sindinadzitame nazo, chifukwa chaka chimenecho kummwera kunali ng'amba ya El Niño. Mayeso enieni anali mvula ya chaka chotsatira. Mu Malichi 2025, itagwa masiku atatu osalekeza, khoma la kuphiri linada m'munsi kufika masentimita 20, ndipo pasanathe sabata linayeranso lokha. Kagalasi ka pangodya kali kathunthu. Fungo linatha. Pangodya imodzi ya chipinda cha mayi pamatulukabe kamchere pang'ono, ndipo mdzukulu wawo amakasesa ndi burashi.

Nyumbayi ilibebe chotchinga chinyezi m'maziko, ndipo izimwabe madzi pang'ono mvula iliyonse. Njereza imafuna kubwereza pakatha zaka ziwiri, ndipo adzukulu amadandaula kuti imawadetsera malaya akatsamira khoma. Ngalande ya kuphiri iyenera kufukulidwa chaka chilichonse mvula isanayambe, magata nawonso. Ulendo womalizawu ndinapeza wodilopu yabwereranso kukakamira khoma la kuphiri, ndipo tinaisuntha kuti pakhale mpata wolowa dzanja.

Khoma la bafa sitinalikhudze. Lili ndi matailosi omatidwa ndi simenti pa njerwa zomwezi, ndipo ndikagogoda mizere iwiri ya m'munsi ikulira ngati ng'oma. Kuseri kwake, m'kanjira kopita kukhitchini, njereza yayamba kuda pamalo pamene paipi ya madzi imalowera m'khoma. Ndajambula malowo n'kutumiza ku Johannesburg, ndipo tagwirizana kuti titsegule khomalo mu Juni, mvula ikatheratu.